Masapota alendo, apolisi ndi mageti: mafunso ndi mayankho pa zimene zinaonekera a Liverpool ku Paris

Ambiri a ife fainali ya Champions League ya pa 28 May 2022 tinaionera pa kanema, ena kunyumba, ena m'mashowu a vidiyo titalipira pakhomo. Nthawi itakwana, osewera sanatuluke. Kamera ikaloza mbali ya Real Madrid kunali kodzaza, ikaloza mbali ya Liverpool mipando yambiri inali pululu. Kenaka panatuluka uthenga woti masewero achedwa kuyamba chifukwa masapota afika mochedwa. Komwe ndinkaonera ine, mnyamata wina wovala jezi ya Manchester United anakuwa kuti, "Aledzera amenewo, akadali ku bawa!" Tonse tinaseka. Patapita miyezi pafupifupi 9 lipoti la kafukufuku linatuluka, ndipo tinadziwa kuti nthawi imene tinkasekayo, kunja kwa bwalolo anthu ankasowa popumira.

Kodi kunja kwa bwalo kunkachitika zotani?

Masewerowo anali pa Stade de France, m'dera la Saint-Denis kumpoto kwa Paris. Poyamba anayenera kuchitikira ku Saint Petersburg, koma asilikali a Russia atalowa m'dziko la Ukraine mu February chaka chomwecho, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya la UEFA linawasamutsa kutatsala miyezi itatu yokha. Liverpool inapatsidwa matikiti 19,618.

Kubwaloli kumafika njanji ziwiri zikuluzikulu, RER B ndi RER D. Tsikulo ena mwa ogwira ntchito pa njanji ya B anali pa sitalaka, choncho masapota zikwizikwi a Liverpool anakwera sitima za D. Palibe amene anasintha dongosolo kuti ligwirizane ndi zimenezi. Otsika pa siteshoni ya D ankawalozera kanjira kodutsa pansi pa msewu waukulu, kopanikiza kale, ndipo apolisi anali ataimika magalimoto awo m'mbali n'kukachepetsanso. Kutsogolo kwake kunali malo oyamba oonera matikiti, a mizere yowerengeka. Zinali ngati kuthira madzi a mu dramu m'botolo la Fanta. Anthu amene anafika kudakali maola awiri kapena atatu anangoima pamenepo osasuntha, kumbuyo sitima zikutulabe anzawo.

Apolisi ataona kuti anthu afinyana koopsa, anangochotsa malo oonera matikitiwo. Apa ndiye aliyense anafika mpaka pa mpanda wa bwalo, wa tikiti ndi wopanda tikiti yemwe, kuphatikizapo anyamata a m'deralo amene ena anayamba kukwera mipanda. Oyang'anira mageti anatseka ena mwa mageti a mbali ya Liverpool. Anthu anaunjikana pa zitsulo, tikiti ataikweza m'mwamba kuti ioneke, ndipo chimene analandira ndi utsi wokhetsa misozi komanso mankhwala a tsabola owapopera m'maso. Munali ana, munali nkhalamba, munali anthu aulumali.

Masewero anachedwa ndi mphindi 36. Real Madrid inapambana 1-0 ndi chigoli cha Vinícius Júnior. Potuluka, masapota a matimu onse awiri anakumana ndi magulu a mbava amene ankawamenya ndi kuwalanda mafoni, mawotchi ndi zikwama panjira yopita ku sitima. Apolisi amene madzulo aja anali ponseponse ndi zishango, ambiri mwa olandidwawo anati sanawaone.

Nanga nkhani ya matikiti achinyengo ija, sinali yoona?

Nduna ya zam'dziko ya France nthawi imeneyo, Gérald Darmanin, inati gwero la vuto linali masapota 30,000 mpaka 40,000 amene anabwera opanda matikiti kapena ndi achinyengo. Chiwerengerochi sichinakhalitse. Matikiti achinyengo amene makina a pageti anawagwira sanafike 3,000. Analipo ndithu, monga amapezekera pa fainali iliyonse yaikulu, koma si amene anatseka kanjira kaja. Ndiponso matikiti enieni ankakanidwa. Andy Robertson, wosewera kumbuyo wa Liverpool, anauza atolankhani usiku womwewo kuti mnzake amene iye mwini anamupatsa tikiti yochokera ku kalabu anauzidwa kuti ndi yabodza.

Zithunzi za makamera a pabwalolo, zimene zikanathetsa mkangano wonse, zinafufutika zokha patatha masiku 7 chifukwa palibe amene anaziitanitsa nthawi ikadalipo. Pamenepo aliyense aganize yekha.

Ndiye wolakwa anapezeka kuti ndi ndani?

Mkulu wa apolisi ku Paris nthawi imeneyo, Didier Lallement, anavomera pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ya Senate ku France kuti ntchito ya tsikulo inalephereka. Mu July 2022 aphunguwo anatulutsa lipoti lonena kuti masapota a Liverpool anawasenzetsa mlandu wosakhala wawo. Mu February 2023 gulu lofufuza loima palokha, lotsogoleredwa ndi Tiago Brandão Rodrigues wa ku Portugal, linati mlandu waukulu unali wa UEFA yeniyeniyo, n'kudzudzulanso apolisi ndi bungwe la mpira la France. Linati n'zodabwitsa kuti palibe amene anafa, ndipo linaona kuti kudekha kwa masapotawo ndi kutetezana kwawo n'kumene kuyenera kuti kunapulumutsa miyoyo. UEFA inapepesa n'kulengeza kuti ibweza ndalama za matikiti.

N'chifukwa chiyani anthu a ku Liverpool nkhaniyi inawapweteka chonchi, poti palibe anafa?

Chifukwa ena mwa amene anapanikizika pa mageti a ku Paris anali atapulumuka kale pa ngozi ina yofanana nayo, ndipo bodza limene anamva analimvapo kale.

Pa 15 April 1989 Liverpool inkasewera ndi Nottingham Forest mu semifainali ya FA Cup pa bwalo la Hillsborough ku Sheffield. Matimu onse anali alendo pamenepo. Masapota a Liverpool anapatsidwa mbali ya Leppings Lane, komwe anthu oposa 10,000 a matikiti oimirira anayenera kudutsa pa tizipata 7 tokha. Kunja kutadzaza, wamkulu wa apolisi tsikulo, David Duckenfield, analamula kuti atsegule geti lalikulu lotulukira. Anthu analowa, ndipo chimene chinali patsogolo pawo ndi kanjira ka pansi kolunjika ku zigawo ziwiri za kuseri kwa golo zomwe zinali zitadzaza kale. Palibe amene anatseka kanjirako n'kuwalozera kumbali komwe kunali malo. Kutsogolo kunali mpanda wa zitsulo, womangidwa kuti masapota asamalowe m'bwalo. Mpira unayamba 3 koloko, n'kuimitsidwa patangotha mphindi 6. Apolisi ena poyamba ankabweza anthu amene ankakwera mpanda kuthawa imfa, poganiza kuti akufuna kusokoneza masewero. Anthu 97 anafa chifukwa cha tsiku limenelo, wamng'ono kwambiri ali ndi zaka 10, womaliza anamwalira mu 2021 atavutika zaka 32.

Madzulo omwewo Duckenfield anauza akuluakulu a mpira kuti masapota ndiwo anathyola geti. Patatha masiku 4 nyuzipepala ya The Sun inalemba patsamba loyamba kuti masapota oledzera ankapisa m'matumba a mitembo ndi kumenya apolisi. Mpaka lero nyuzipepala imeneyi ku Liverpool anthu ambiri saigula. Lipoti la woweruza wina, Lord Justice Taylor, linanena kale nthawi imeneyo kuti vuto lalikulu linali kulephera kwa apolisi kulamulira khamu, komabe mabanja a omwalira anayenda m'makhoti zaka zoposa 20. Mu 2012 gulu lofufuza linapeza kuti maumboni 164 a apolisi anasinthidwa, ambiri pochotsamo mawu odzudzula mabwana awo. Mu April 2016 khoti lofufuza za imfa linagamula kuti anthuwo anaphedwa mosemphana ndi lamulo ndipo masapota analibe mlandu uliwonse. Duckenfield anazengedwa mlandu wopha anthu mosasamala, koma mu 2019 khoti linamumasula.

Chowawa kwambiri n'chakuti lipoti lina la boma la France linaonetsa kuti pokonzekera fainali ya 2022, Hillsborough inatchulidwa ngati chimodzi mwa zifukwa zoti apolisi abwere atavala za zipolowe. Bodza la mu 1989 linawatsatira anthuwa mpaka ku Paris.

Koma masapota a ku England si omwe aja ankatchuka ndi ndewu?

Ndi omwewo, ndipo palibe chifukwa chobisira. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 magulu a anyamata ankayenda ndi matimu n'cholinga chokamenyana basi. Pa 29 May 1985, pa bwalo la Heysel ku Brussels, fainali ya European Cup isanayambe, masapota ena a Liverpool anathyola kampanda n'kuthamangira chigawo chimene munali otsatira Juventus. Anthu pothawa anaunjikana pa khoma, khomalo linagwa, ndipo 39 anafa, ambiri a ku Italy. Masapota 14 a Liverpool anapezeka olakwa kukhoti ku Belgium. Matimu a ku England analetsedwa kusewera mipikisano ya ku Ulaya zaka 5, Liverpool zaka 6.

Ngakhale pamenepo, mlandu sunathere pa masapota okha. Bwalolo linali lokalamba, simenti ikuyoyoka moti anthu ankaswa n'kugendana nayo, ndipo matikiti a chigawo chija anagulitsidwa mosasamala. Mkulu wina wa apolisi ndi mlembi wamkulu wa bungwe la mpira la Belgium nawonso anapezeka olakwa. Anthu a ndewu alipo, ndipo pomwe alipo m'pamene dongosolo liyenera kukhala lolimba. Cholakwika n'kutenga anthu 20,000 n'kuwayesa onse zigawenga chifukwa cha zimene ena anachita mu 1985.

Munthu amafa bwanji m'khamu pomwe palibe amene wamumenya?

Timakonda kunena kuti anthu anapondana, ngati kuti anagwa pansi ena n'kuwayenda pamsana. Zimachitika, koma ambiri amafa ali chilili. Khamu likathinana kupitirira anthu 5 kapena 6 pa sikweya mita imodzi, munthu sasankhanso kolowera, amangotengedwa ngati chisoso pamadzi. Chifuwa chimafinyika, ukatulutsa mpweya sichifutukukanso. Pakangotha mphindi zochepa munthu amakomoka. Amene ali kumbuyo sadziwa chilichonse, iwo amangoona kuti kutsogolo kukusuntha n'kumasendera. N'chifukwa chake kuuza khamu kuti "musakankhane" sikuthandiza kwenikweni. Chimene chimathandiza n'kuimitsa anthu kutali asanafike pamalo opanikizawo, ndipo amene angachite zimenezo ndi yekhayo amene akuona zonse ali pamwamba.

Kodi utsi wokhetsa misozi ndi wololedwa pabwalo la mpira?

Malamulo a FIFA a chitetezo cha m'mabwalo amanena kuti apolisi ndi masteward (alonda osungitsa bata) a m'mbali mwa bwalo asanyamule kapena kugwiritsa ntchito mfuti ndi utsi wobalalitsira anthu. Vuto n'lakuti apolisi a dziko lililonse amamvera mabwana awo, osati FIFA.

Utsiwu unapangidwira pamsewu, pomwe anthu angabalalike mbali zonse. M'bwalo muli masitepe, makoma ndi mageti ochepa, ndipo aliyense amathamangira geti lomwe analowera. Pa 9 July 2000 ku Harare, South Africa itagoletsa chigoli chachiwiri pa masewero ake ndi Zimbabwe, anthu anayamba kuponya mabotolo, apolisi anaponya utsi m'masitandi, ndipo anthu 13 anafa. Pa 9 May 2001 ku Accra, Hearts of Oak itagonjetsa Asante Kotoko ya ku Kumasi 2-1, masapota a Kotoko anazula mipando n'kuponya m'bwalo. Apolisi anayankha ndi utsi, mageti ali otseka, ndipo anthu 126 anafa. Pa 1 October 2022 pa bwalo la Kanjuruhan ku Malang, ku Indonesia, zinali zomwezo, ndipo anafa 135. Konseku chinayamba ndi mabotolo, mipando kapena anthu olowa m'bwalo, zinthu zoti munthu amangidwe nazo, inde, koma zosapha anthu 100.

Ine utsiwu ndinaulawa kamodzi, pabwalo lina kuno kwathu. Refa anakana chigoli, mabotolo anayamba kuuluka, kenaka tinangomva phuu, kachitini kakugubuduzika pamasitepe mizere itatu kutsogolo kwanga, kakulavula utsi woyera. Maso amatsekeka okha, pakhosi ngati wameza khala. Geti la mbali yathu linali lotsegula chitseko chimodzi. Ndinatuluka mapazi osagunda pansi, nkhope yanga itakanikizika pamsana pa bambo wina amene sindinamuone nkhope mpaka lero. Panja mayi wina wogulitsa nzimbe ankathira anthu madzi a m'chigubu chake kumaso, osafunsa kuti ndi a timu iti. Utsi utatha ndinabwerera kukafuna silipasi yanga. Pageti panali mulu wa nsapato, zina za ana.

N'chifukwa chiyani sapota mlendo ndiye amakhala pangozi yaikulu?

Ndi wochepa, wavala mtundu umene aliyense akuuona, ndipo sadziwa njira. Mwini dera zikavuta amadziwa kanjira kothawira, mlendo amangodziwa pomwe basi inamutsitsa. Amamulowetsa geti limodzi, amamuika pakona imodzi, ndipo moyo wake wonse uli m'manja mwa amene wasunga kiyi wa getilo.

Ku Port Said, ku Egypt, pa 1 February 2012, Al Masry inagonjetsa Al Ahly ya ku Cairo 3-1. Ndiye kuti eni bwalo anapambana, panalibe chokwiyira. Komabe wezulo itangolira, mazanamazana a anthu analowa m'bwalo, ena ndi mipeni ndi zibonga, n'kulunjika kumene kunakhala alendo. Apolisi anangoima n'kumaonerera. Alendowo pothawa anapeza geti lawo lotulukira lili lokhoma. Anthu 74 anafa. Pambuyo pake khoti linagamula ena kuti aphedwe, ndipo ena mwa akuluakulu a apolisi anapita kundende. Ligi inaimitsidwa, ndipo itayambiranso inaseweredwa zaka zingapo m'mabwalo opanda anthu.

Ku Paris apolisi anachita mopitirira, ku Port Said sanachite kanthu. Konseko mlendo sanaonedwe ngati munthu woti atetezedwe.

Bwanji osangowaletsa kubwera, aliyense azionera kwawo?

Ena anayesa. Ku Argentina masapota alendo analetsedwa m'masewero a ligi mu 2013. Chimene chinayambitsa ndi imfa ya sapota wa Lanús ku La Plata, pa masewero ndi Estudiantes, ndipo anafa ndi chipolopolo cha labala chimene wapolisi anamuwombera ali pafupi. Wophedwa mlendo, wopha wapolisi, woletsedwa mlendo. Ziwawa sizinathe, zinangosamukira m'magulu a timu imodzi omwe amalimbirana ndalama za matikiti ndi malo oimika magalimoto. Mu November 2018, pa fainali ya Copa Libertadores, mpikisano wa matimu a ku South America, yopanda masapota alendo, otsatira River Plate anagenda basi ya osewera a Boca Juniors, mpaka masewerowo anakachitikira ku Madrid.

Ku Kanjuruhan nako, tsiku limene anthu 135 anafa, masapota a timu ya alendo, Persebaya Surabaya, sanaloledwe kubwera. M'bwalo monse munali a timu ya pakhomo, Arema, okhaokha.

Ndikumvetsa chifukwa chake akuluakulu amakonda njira imeneyi. Ndi yotchipa, ndipo pakachitika kanthu amatha kunena kuti ife tinachitapo kanthu. Koma ndi nzeru ya nsomba ikawola imodzi zonse zawola, ndipo mpira wopanda mbali yoyankha nyimbo umazizira ngati nsima ya dzulo.

Nanga ku England masiku ano alendo amawalondera bwanji?

Hillsborough itachitika, mipanda ya kutsogolo inachotsedwa ndipo mabwalo a matimu akuluakulu anaikidwa mipando. Mu Premier League timu ya pakhomo imayenera kupatsa alendo matikiti 3,000, kapena 10 peresenti ngati bwalo ndi laling'ono, ndipo kuyambira 2016 tikiti ya mlendo sidutsa £30. M'mipikisano ya UEFA alendo amapatsidwa 5 peresenti. Matikitiwa amagulitsidwa ndi kalabu ya alendoyo kwa anthu amene ili ndi mayina awo.

Timu iliyonse ili ndi apolisi amene ntchito yawo ndi kuidziwa. Amayenda nayo koyenda, amadziwa nkhope za ovuta ochepa aja, ndipo amauza anzawo a kumene akupitako kuti uyu muyang'aneni, enawa asiyeni. Wopezeka wolakwa khoti limamuletsa kufika kumpira zaka 3 mpaka 5, kapena mpaka 10 ngati anapita kundende, ndipo timu ya dziko ikamasewera kunja amakasiya pasipoti kupolisi. Kumwa mowa uli pamalo oona bwalo n'koletsedwa kuyambira 1985. Masewero a udani waukulu nthawi zina amayamba masana anthu asanakhute mowa. M'kati mwa bwalo ntchito yaikulu ndi ya masteward olembedwa ndi kalabu, apolisi amakhala chakumbuyo.

Si kuti zonse ndi zabwino. Pali masewero ena, monga mmene zinakhalira kwa zaka zingapo pakati pa Wrexham ndi Chester, pomwe mlendo sankaloledwa kupita yekha. Ankayenera kukwera basi ya kalabu, yoperekezedwa ndi apolisi kuchoka kwawo mpaka pageti. Munthu wokhala pafupi ndi bwalolo ankayamba wapita kutauni ya timu yake kuti akakwere basi yobwerera komwe wachokera. Mabungwe a masapota analimbana nazo mpaka zinachepa.

Kusunga alendo m'bwalo mpira ukatha, ndi chilango kapena chitetezo?

Zimatengera kachitidwe kake. Ngati anthu auzidwa mpira usanathe kuti adikira mphindi 15 kuti eni dera ayambe achoka, zimbudzi zili zotsegula, ndipo mageti angatseguke msanga patagwa vuto, ndi chitetezo. Ngati angotsekeredwa ola lathunthu osauzidwa kanthu, sitima yomaliza n'kuwasiya, kenaka n'kutulutsidwa mumdima anyamata a miyala atapeza kale pobisalira, pamenepo mwawakonzera okha msampha.

Kodi apolisi ambiri a zishango ndi zisoti si ndiwo chitetezo chenichenicho?

Chimene chinachitika ku Portugal pa Euro 2004 chimatsutsa maganizo amenewa. Aliyense ankayembekezera kuti a ku England akaphwanya mizinda. Apolisi a m'mizinda ikuluikulu, atagwira ntchito ndi akatswiri a khalidwe la khamu monga Clifford Stott, anasankha kuyenda awiriawiri atavala yunifolomu wamba, ena osavala n'komwe, n'kumacheza ndi masapota, kuwalozera njira, ndi kuchotsa wovuta mmodzi mwakachetechete zinthu zisanakule. Azishango analipo, koma anabisidwa kuseri. M'mizinda imeneyi mpikisano unatha bwinobwino. Zipolowe zimene zinamveka zinachitikira ku Albufeira, tauni ya m'mbali mwa nyanja yomwe inali m'manja mwa gulu lina la apolisi a kachitidwe kankhondo.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pagulu la anthu 1,000, ofuna ndewu mwina ndi 20. Wapolisi akakwapula aliyense amene ali pafupi, bambo amene anabwera ndi mwana wake amayamba kuona kuti 20 aja akunena zoona. Akachotsa mmodzi yekhayo amene waponya botolo, enawo amamuthandiza kumuloza.

Izi n'za ku Ulaya. Kuno zikutikhudza bwanji?

Pa 6 July 2017, tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira, anthu ambirimbiri anasonkhana kunja kwa Bingu National Stadium ku Lilongwe kudikira mwambo ndi masewero a Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Kulowa kunali kwaulere. Malipoti a tsikulo ananena kuti mageti anatsegulidwa mochedwa ndi maola angapo, khamu linakula, ndipo utsi wokhetsa misozi unaponyedwa. Anthu 8 anafa, 7 mwa iwo anali ana. Panalibe ndewu ya Maule ndi a Silver. Bwalolo linali latsopano, lotsegulidwa chaka chomwecho, la mageti okwanira. Masewero anachitikabe madzulo ake.

Amene amakhala ku Joni akukumbukira Ellis Park, pa 11 April 2001, pomwe anthu 43 anafa pa masewero a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates chifukwa bwalo linadzaza kupitirira muyeso. Ku Zambia akukumbukira Chililabombwe mu June 2007, pomwe anthu 12 anafa potuluka timu yawo itagonjetsa Congo-Brazzaville. Anafa akusangalala.

Ziwawa za masapota kwathu kuno zilipo, ndipo kugenda basi ya alendo kapena kukaniza osewera awo pageti chifukwa cha zikhulupiriro za juju si nkhani yachilendo kwa aliyense woonera ligi yathu. Chilango chimene timachidziwa n'kulipiritsa timu chindapusa kapena kuiseweretsa popanda anthu. Wogendayo sabata yamawa ali pageti lomwelo, ndipo ndalama zatuluka m'thumba la kalabu. Mafunso amene ine ndimafuna kumva pa msonkhano wokonzekera masewero ndi ena: mageti atsegulidwa nthawi yanji, ndi angati, kiyi ali ndi ndani mpira ukamatha, lole ya alendo iima kuti, ndipo ndani yekhayo amene angalamule kuti utsi uponyedwe.

Ndikapezeka m'chipwirikiti chotere, ndichite chiyani?

Mukangolowa, onani geti lina kupatula limene mwalowera. Mukaona kuti khamu layamba kukukhudzani mbali zonse ndipo simungakweze dzanja kukanda mphuno, nthawi yochoka ndi imeneyo, osadikira kuti muone chigoli. Musalimbane ndi khamu ngati mukusambira mokwera mtsinje, tsatirani komwe likupita uku mukusendera cham'mbali pang'onopang'ono. Ikani mikono patsogolo pa chifuwa ngati wankhonya kuti musunge malo opumira. Pewani khoma, mpanda ndi geti lotseka. Foni kapena nsapato ikagwa, isiyeni. Mwana munyamuleni m'mwamba, musamugwire dzanja n'kumamukoka. Munthu akagwa pafupi nanu, mudzutseni msanga ngati mungathe, chifukwa pomwe wagwa mmodzi m'pomwe ena amagwera.

Utsi ukaponyedwa musatikite maso, pitani kumene mphepo ikuchokera, ndipo mukapeza madzi oyera tsukani kumaso. Mukapita koyenda, tengani malaya ena ovala pamwamba pa jezi potuluka, ndipo gwirizanani ndi anzanu malo okumanirana foni ikatayika.

Mukafika pamalo otetezeka, sungani tikiti yanu ndipo musafufute zimene mwajambula. Ku Paris zithunzi za makamera a bwalo zinafufutika patatha sabata, koma mavidiyo a m'mafoni a masapota ndi atolankhani, okhala ndi nthawi yake, ndi amene anaonetsa anthu ali pamzere kudakali maola awiri mpira usanayambe.